Bwalo likuterera: tigule makina kapena tilembe munthu?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya bwalo lathu la ntchemberembaye ndi basiketibolo yabweranso. Matimu amene amalipira kuti azichitirapo zokonzekera adandaula kuti mbali ya kumitengo ikuterera, ndipo mizere yafufutika moti woyimbira amangoganizira. Timu ina yatiuza kuti ikapeza kwina isamuka. Maganizo alipo awiri: kugula makina otsukira opopa madzi mwamphamvu aja, kapena kulemba munthu woti azisamalira bwalo tsiku ndi tsiku. Zimene tinasonkha sizingakwane zonse ziwiri. Tikambirane mwaulemu.

Achimwene a ku Johannesburg: Zikomo a Tcheya. Ine ndili kumbali ya makina. Kuno malo a masewera amene ndimagwirako ntchito amatsuka ndi makina omwewo, pakangopita kanthawi bwalo mbee! Nditha kugula kuno n'kutumiza. Za kulemba munthu ndikuziopa, mudzayamba kukangana za malipiro mwezi uliwonse.

Aphunzitsi a timu ya atsikana: Achimwene, ine ndimakhala pabwalopo madzulo aliwonse, ndiye mundilole ndifotokoze. Chimene chikuterera si dothi wamba, ndi ndere. Mbali imene ija ili pansi pa mabulugama, dzuwa limafikapo mochedwa, ndipo mukudziwa nokha mvula ya Mzuzu. Anzathu ku Lilongwe akamati dzinja latha, ife timakhala tikadali ndi mawawa mpaka mu June ndi July. Simenti ikakhala yonyowa pamthunzi, ndere sizichedwa. Mukazipopa lero, pakapita milungu ingapo zabwerera, chifukwa chinyezi chili pompo.

Ntchemberembaye ndi masewero oima mwadzidzidzi. Mwana akawakha mpira amayenera kuponda n'kuima, apo ayi woyimbira amulizira wezulo. Sabata yatha mtsikana wanga wina anaponda pakona paja, phazi linangoti seee, n'kugwera chigongono. Mayi ake anabwera okha kudzandifunsa ngati ndalama zimene timatolera n'zogulira mabala.

Achimwene a ku Johannesburg: Pepani kwambiri za mwanayo. Koma ndiye makinawo sachotsa nderezo?

Bambo mmisiri a ku Chibavi: Amachotsa, achimwene, koma amachotsanso penti. Mukayandikiza kukamwa kwa paipi ija pansi, penti imasupuka, ndipo madzi amalowa m'ming'alu n'kumakokolola dothi la pansi pa simenti. Malo amene mukunenawo anawamanga mwadongosolo. Lathuli vuto linayambira pomanga. Bwalo la panja limayenera kupendekera mbali imodzi pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse. Bwalo la ntchemberembaye ndi la mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, ndiye kuchoka mbali iyi kufika mbali inayo payenera kutsika masentimita pafupifupi 15. Amene anatimangira uja anangosalaza ndi maso. N'chifukwa chake mvula ikakata mumapeza zithaphwi pakati, ndipo ngalande imene anakumba kumtunda inakwiririka kalekale. Madzi ochokera kumsewu amabwera ndi katondo yense n'kumutula pabwalo.

Chinanso n'chakuti penti imene tinapaka ija ndi ya mafuta, yonyezimira, yopaka zitseko. Ikanyowa imaterera ngakhale popanda ndere. Pabwalo pamafunika penti ya madzi yopangidwira pansi, yosakaniza ndi mchenga wosefa bwino kuti nsapato izigwira.

Mayi msungichuma: Mukamakamba za makina muzikumbukiranso kuti bilu ya Northern Region Water Board imabwera kwa ine. Makinawo amafunanso magetsi, ndipo a ESCOM akazimitsa ndiye kuti tibwereke jenereta. Akawonongeka, zipangizo zake tikazipeza kuti? Tizidikiranso basi ya ku Johannesburg?

Mnyamata wa basiketibolo: Akuluakulu, ndingolowererapo pang'ono. Ife chimene chimativuta kwambiri ndi fumbi la chilimwe. Kukauma mu September ndi October, mchenga umadzaza pabwalo ndipo umakhala ngati sandipepa pansi pa nsapato. Taonani pansi pa zigoli, penti inatha kale, patsala simenti yokha. Timasesa tokha tisanayambe, koma tsache lake ndi la mayi ogulitsa zitumbuwa pageti, timachita kubwereka.

Mayi a ku Luwinga: Ndiye nanenso ndinene zimene ena akuziopa. Bwaloli likuwonongeka kwambiri Loweruka, osati ndi ana osewera ayi. Maukwati ndi zinkhoswe zimene timabwereketsera bwalo zija. Okhoma mahema amaboola simenti kuti aike zikhomo, mipando ya chitsulo amachita kukoka, amayi ndi nsapato za gogoda, ophika amataya mafuta pambali pomwepo. Lolemba m'mawa mukapeza zitsekerero za mabotolo ndi magalasi osweka. Ndinatola ndekha chidutswa cha botolo pamzere wapakati, ana atavala kale ma bibu, malaya osewerera aja.

Mayi msungichuma: Mayi, ndikumva, koma ukwati umodzi umatibweretsera ndalama zoposa zimene matimu onse amalipira pamwezi. Tikauletsa, mlonda timulipira ndi chiyani?

Mayi a ku Luwinga: Sindinati tiletse. Azikhoma mahema pakapinga, pabwalo pasafike chikhomo. Ngati akufuna pasimenti, miyendo ya hema aziimangira ku matumba a mchenga. Ndipo azisiya ndalama ya chikole, tiziwabwezera Lolemba tikaona kuti pali bwino.

Agogo athu, mlangizi wa gulu: Ana anga, mutu umodzi susenza denga, ndipo ndakondwa kuti mukulankhula. Langa ndi limodzi. Musadule mitengo ija. Tinaibzala ife kuti oonerera azikhala pamthunzi. Sadzani nthambi zimene zalowa pamwamba pa bwalo basi.

Bambo mmisiri a ku Chibavi: Agogo, kusadza kukwanira, dzuwa la m'mawa lizifikapo. A Tcheya, ine ndikanakonda tiyambe ndi kufukula ngalande ndi kumata ming'alu mvula isanayambe mu November. Pamene tamata ndi simenti yatsopano tidikire masiku 28 tisanapake penti, tikafulumira imatukusira. Za ndere, burashi yolimba ya mpini wautali, madzi ndi Jik wosungunula zimagwira ntchito, bola kutsukuluza bwino ndipo osamusakaniza ndi mankhwala ena. Munthu mmodzi wosesa m'mawa uliwonse, kukankha madzi mvula ikakata, ndi kukwecha mbali ya kumitengo kamodzi pasabata, angatipulumutsire penti kwa nthawi yaitali. Makina tizichita kubwereka kwa otsuka magalimoto kamodzi pachaka, ine ndili pomwepo.

Achimwene a ku Johannesburg: Chabwino, sindikakamira. Koma munthuyo asakhale m'bale wa wina wa mu komiti, tinaziona kale zimenezo ndi mlonda woyamba uja. Ndipo muzititumizira zithunzi m'gulu muno, ife akutali timangomva kuti ndalama zatha.

Aphunzitsi a timu ya atsikana: Muwonjezerepo lamulo la nsapato. Anyamata a mpira wamiyendo amalowa ndi nsapato za zisonga mvula ikawathamangitsa kubwalo lawo. Pageti paikidwenso chopondera, matope azitsala pomwepo.

Mayi msungichuma: Za chikole cha maukwati ndavomera. Za malipiro a wosamalira sindinavomere mpaka ndione ngati matimu alola kuti tikweze pang'ono. Amene sanamalize chopereka cha mwezi uno, Mpamba ndi Airtel Money zonse zikugwira ntchito, musanamizire netiweki.

Wapampando: Tamvana pa ngalande, kusadza mitengo ndi chikole. Za wosamalira tidzavota Lamlungu tikamva yankho la matimu. Loweruka nthawi ya 7 m'mawa tikumane pabwalo. Bambo mmisiri akuti tidzathire madzi kuti tione pamene akuima, n'kulembapo ndi choko. Bwerani ndi ndowa, makasu ndi fosholo. Aphunzitsi, muwauze atsikana kuti zokonzekera za tsikulo ziyamba masana.