Mbiri ya Vlambeer, kampani ya anthu awiri yopanga magemu ku Netherlands

Wophunzira_Luwinga:
Moni nonse. Ine ndi mnzanga tikuphunzira za makompyuta kuno ku Mzuzu, ndipo kwa miyezi ingapo takhala tikupanga gemu ya pafoni yonena za asodzi a usipa ku Nkhata Bay. Aphunzitsi athu ataiona anatiuza kuti tifufuze za Vlambeer, kampani yaing'ono ya ku Netherlands, poti akuti nayonso inayamba ndi anthu awiri okha komanso gemu ya usodzi. Kodi alipo amene angatilongosolere mmene anthuwa anayambira, ndi chimene chinawachitikira pa gemu yawoyo?

Bambo_wa_ku_Katoto:
Vlambeer inakhazikitsidwa mu 2010 mumzinda wa Utrecht. Eni ake anali Rami Ismail ndi Jan Willem Nijman, amene anakumana pasukulu ya zaluso ya HKU pomwe ankaphunzira kupanga magemu, ndipo onse awiri anasiya sukuluyo asanamalize (apa pokha musawatsanzire, achimwene). Nijman ndiye ankaganiza za kaseweredwe ka gemu, makamaka pogwiritsa ntchito GameMaker, pulogalamu yopangira magemu, pamene Ismail ankalemba mapulogalamu ndi kuyendetsa za malonda. Chaka chomwecho anatulutsa Super Crate Box, imene ankaipereka ulere pakompyuta, komanso Radical Fishing, kagemu kosewera pa intaneti. Kagemu kameneka ndiko aphunzitsi anu ankanena.

Mayi_Chiputula:
Ndiwonjezerepo pa zimene anena bambowa, chifukwa nkhani yaikulu ili pa usodziwo. Mu Radical Fishing, wosewera amaponya mbedza n'kuitsitsa pansi penipeni akuzemba nsomba, pobwerera amakola nsomba zambiri momwe angathere, kenako amaziponya m'mwamba n'kuziwombera ndi mfuti. Msodzi wa ku Usisya atamva zimenezi angagwire pakamwa, koma anthu anaikonda.

Mu 2011, awiriwa ali mkati mokonza gemuyo kuti iziseweredwa pa iPhone, kampani ina yotchedwa Gamenauts inatulutsa Ninja Fishing, imene kaseweredwe kake kanali komweko, kungoti mfuti anaisintha n'kuikapo lupanga. Gemu yokoperayo inafika pamsika poyamba ndipo inayenda malonda. Chowawa chake n'chakuti malamulo oteteza ntchito za luso amateteza zithunzi, nyimbo ndi pulogalamu yolembedwa, koma sateteza ganizo la mmene gemu imaseweredwera, choncho kupita kubwalo la milandu sikukanathandiza kwenikweni. Anyamatawa anagwa ulesi ndipo ntchito inaima kwa nthawi yaitali. Anadzaimaliza mothandizana ndi wopanga magemu Zach Gage ndi wojambula Greg Wohlwend, ndipo inatuluka ndi dzina lakuti Ridiculous Fishing mu Marichi 2013 pamtengo wa $2.99, popanda kulipiritsanso kanthu mkati mwa gemu. Chaka chomwecho inalandira mphotho ya Apple Design Award, ndiponso Apple inaisankha kukhala gemu yopambana ya pa iPhone.

Wophunzira_Luwinga:
Zikomo kwambiri, mayi. Ndiye kodi tinene kuti ndi bwino ifenso tibise gemu yathu mpaka titaimaliza, kuopa kuti ena angatibere?

Mayi_Chiputula:
Iwo eni sanatero, mwanangu. Gemu yawo ina, Nuclear Throne, anayamba kuigulitsa pa Steam (msika wa magemu wa pa intaneti) mu 2013 isanathe n'komwe, ankaionetsa pa Twitch (tsamba loulutsira makanema pompopompo) akuipanga anthu akuonerera, ndipo ankaikonza kawirikawiri potengera ndemanga za osewera kufikira pamene inatuluka yathunthu mu Disembala 2015. Ine ndimaona kuti anazindikira kuti munthu akakuona ukulima munda kuyambira pa mizere, sangavomere wina atadzamuuza kuti chimangacho n'chake. Kuno ndalama za data sizingakuloleni kuulutsa ntchito yanu sabata iliyonse, koma mukhoza kuika gemuyo m'mafoni a anzanu a m'kalasi n'kumayang'ana pamene akutopa nayo.

Bambo_wa_ku_Katoto:
Pali china chimene sitinachitchule. Kupatula Luftrausers, imene inatuluka mu 2014 kudzera ku kampani yofalitsa magemu ya Devolver Digital, ndi Nuclear Throne ija, kampaniyi sinatulutsenso gemu ina yaikulu, ndipo pa 1 Seputembala 2020, tsiku limene inakwanitsa zaka 10, awiriwa analengeza kuti akuitseka. Ngakhale zinali choncho, mu 2024 Nijman anagula gawo la Ismail m'kampaniyo n'kukhala mwini wake yekha. Pa awiriwa, aliyense anali ndi theka la kampaniyo. Inu ndi mnzanuyo, kodi munalemberana kale papepala kuti gemu ya usipayo mwini wake ndani, ndiponso kuti mmodzi akadzapeza ntchito ku Lilongwe idzatsala m'manja mwa yani?