Zowonjezera pa funso la mankhwala othira mu oyilo

Bambo a ku Kasungu amene munafunsa ngati mankhwala othira mu oyilo amateteza injini, tinakuyankhani kuti zimadalira zitsulo zake. Poti mwatiuza kuti injini yanu ili ndi zipangizo zokutidwa ndi DLC, yemwe ndi kaboni wolimba, mvetserani bwino.

Oyilo wabwino amabwera kale ndi ZDDP, mankhwala a zinki ndi fosforasi. Zitsulo zikatentha n'kumakhulana, mankhwalawa amamanga kachikuto kopyapyala, ka ma nanomita pafupifupi 100 (milimita imodzi ili ndi ma nanomita miliyoni), ndipo kamadyeka ndiko m'malo mwa chitsulo. Pa DLC kachikutoka sikagwira bwino. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi MoDTC, mankhwala a molybdenum: amachepetsadi kukhulana, koma DLC wokhala ndi haidrojeni akamakhulana ndi chitsulo, mankhwalawa amachititsa DLC kudyeka msanga. Botolo lolembedwa "moly", chidule cha molybdenum, musalithire, chonde. Gulani oyilo wa giredi yolembedwa m'buku la galimotoyo basi.

A kabaza a njinga zamoto, kwa inu vuto lili pa klachi yomira mu oyilo: oyilo woterera wa galimoto amaichititsa kutereza. Pabotolo pakhale JASO MA kapena MA2, chizindikiro cha oyilo woyenera klachi yotere. Ndi fumbi la m'chilimwe, fyuluta ya mpweya ya siponji muziitsuka, ya pepala muziisintha. Mchenga ukalowa umapala chikuto chilichonse.