Thirakitala ya MF 135 yagwira injini, anyamata akuti tiikoke

Mlimi wa ku Chongwe: Muli bwanji nonse. Ndili ndi thirakitala ya Massey Ferguson 135 imene anatisiyira malemu bambo, ya injini ya Perkins ya masilinda atatu. Tinaiimika pansi pa mtengo wa mango mu Epulo chaka chatha ikulira bwinobwino. Dzulo ndaika batire yatsopano, sitata ikungoti kha! basi. Ndapotoza ndi sipanala pa pule yakutsogolo, njii, osasuntha. Anyamata akuti tiikoke ndi lole. Mvula ili pafupi, munda sunalimidwe. Nditani?

Makaniko wa ku Matero: Achimwene, chonde musaikoke. Ngati musilinda muli madzi, mudzapinda con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft. Ekizozi munaivundikira?

Mlimi wa ku Chongwe: Panali kachitini, koma mphepo inakagwetsa.

Makaniko wa ku Matero: Ndiye pamenepo. Ekizozi ya ma 135 ambiri imayang'ana kumwamba, ndiye dzinja lonse inkamwa mvula. Madzi amatsikira pa valavu yotseguka, maring'i a pisitoni n'kumatirana ndi laina, khoma la mkati mwa silinda, chifukwa cha dzimbiri. Komabe yambani mwachotsa sitata, nthawi zina kagiya kake kamakanirira pa flywheel, gudumu lachitsulo la kumbuyo kwa injini. Giya ikhale pa nyutulo, PTO, shafuti yakumbuyo yoyendetsera zida, ikhale yozimitsa.

Mdala wa galaja ku Chilanga: Mwana wanga, usanathire chilichonse masula pulagi ya sampu, pansi pa injini pamene pamakhala oilo, pang'onopang'ono, uike beseni. Madzi amalemera kuposa oilo, ndiye ndi amene ayambe kutuluka. Kenako pekesa oiloyo pa zala, uyang'ane padzuwa. Ukaona tizitsulo tonyezimira, ndiye kuti mabering'i anapsa, ndipo pamenepo palibe mankhwala koma kumasula injini. Koma poti unaizimitsa wekha ikulira, ine mtima wanga uli pa dzimbiri.

Chotsa ma injector onse atatu, amene amapopera dizilo musilinda, thira m'maenje awo dizilo wosakaniza ndi ATF (oilo wa giya ya otomatiki) theka ndi theka, tseka maenjewo ndi sanza. Isiye sabata yathunthu. Tsiku lililonse kweza tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, loŵetsa giya yapamwamba, uzigwedeza tayalalo ndi manja, kutsogolo ndi kumbuyo. Modekha. Ine ndili mnyamata ndinakakamiza ina ndi chipaipi chachitali, maring'i n'kusweka, mwini wake anachita kugula malaina atsopano. Mpaka lero zimandipweteka.

Makaniko wa ku Matero: Amdala anena zoona. Ndionjezeko: tsegulaninso tappet cover, chivundikiro cha mavalavu pamwamba pa injini, mugogode valavu iliyonse ndi hamala yamphira. Imene sibwerera yokha yagwira, ndipo mukazungulitsa injini ili choncho push rod, kandodo kokankha valavu, ipindika.

Mlimi wa ku Chongwe: Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani. Musampu munatuluka madzi osakwana kapu, tizitsulo munalibe. Valavu ya ekizozi ya silinda yachitatu inali itagwira, ndaithira dizilo n'kuigogoda mpaka yabwerera. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndikugwedeza tayala, ndinangoona fani yasuntha pang'ono. Madzulo ano ikuzungulira yonse ndi sipanala.

Mdala wa galaja ku Chilanga: Wachita bwino. Usafulumire kubwezera ma injector. Zungulitsa kaye ndi sitata kuti ilavule zonse zimene unathira, ndipo usaimirire pafupi ndi maenjewo. Sintha oilo ndi fyuluta, taya dizilo wakale wa muthanki, upope mpaka mpweya uthe mumapaipi. Ikalira, yang'ana geji ya oilo nthawi yomweyo. Utsi woyera ukapanda kutha itatentha, kapena ikamapuma kwambiri pa breather, kapaipi kotulutsa mpweya wa musampu, ubwere nayo kuno tiyeze compression, mphamvu yopanikiza mpweya musilinda, usanaimangirire pulawo.