Kamphaka ka Siamese kakukana kutuluka pansi pa bedi

Wa ku Mpondasi: Akuluakulu, thandizeni. Kamphaka ka Siamese ka miyezi itatu kangobwera kumene pakhomo, kakubisala pansi pa bedi, usiku kumangolira. Tikatani kuti kazolowere?

Mayi wa ku Namwera: Musakakoke ayi, mantha amangowonjezeka. Katsekereni m'chipinda chimodzi chaphee masiku atatu mpaka sabata. Ikanimo katoni yoboola khomo m'mbali, muyale chitenje chakale. Muzikhala pansi chapatali, n'kumakayankhula motsitsa. Kakabwera, kayambe kanunkhiza dzanja. Ana ndi agalu adikire kaye. Za kulirako musadabwe, Siamese ndi mtundu wolongolola.

Wa ku Monkey Bay: Chimbudzi chake: beseni losaya, mchenga wouma wokwana masentimita 5, patali ndi mbale ya chakudya. Zikayandikana, kamakadzithandizira pakona. Kadye kanayi patsiku, pang'onopang'ono, makamaka chomwe kamadya kumene kachokera. Usipa muziphika, wopanda mchere kapena anyezi. Mkaka wa ng'ombe ayi, umatsegula m'mimba. Ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi, madzi muzisintha m'mawa ndi madzulo.

Bambo wa ku Malindi: Kakatha tsiku lathunthu osadya, thamangirani kwa dokotala wa ziweto, kamphaka kamafooka msanga. Pa msinkhu umenewu kakuyenera katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Chonde, Panado kapena mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin musakapatse, zimapha amphaka.