Khoma lija linamugweradi Buster Keaton kapena ndi matsenga a kamera?

Kadzidzi88: Akuluakulu tandithandizeni. Pa Facebook pakuzungulira kavidiyo kakalekale, khoma lonse lakumaso kwa nyumba likugwera munthu ataima chilili, iye kutulukira pa windo osakhudzidwa olo pang'ono, nkhope ili gwa. Akuti ndi Buster Keaton. Zinachitikadi zimenezi? Nanga si nthawi imeneyo makompyuta kunalibe

Mjomba_wa_Mafilimu: Zenizeni amwene, filimu yake ndi Steamboat Bill, Jr. ya 1928. Khoma lija linali lolemera zedi, ndiye anachita kuyeza malo enieni oti aimepo, mpata pakati pa mapewa ake ndi felemu ya windo unali mainchesi ochepa chabe moti akanangosuntha phazi anthu akanadya nyemba za pamaliro. Koma taonaninso pomwe anaika kamera. Ili patali, munthu mukumuona yense kuyambira kumutu mpaka kumapazi pamodzi ndi khoma lonse, ndipo sanadule paliponse. Akanadula n'kutionetsa nkhope pafupi bwenzi tonse tikuti aaa atinamiza awa. Mkuluyu anakulira pa siteji, ali kamwana bambo ake ankamuponya uku ndi uku m'sewero la banja lawo, kugwa kwa iye inali ntchito yochita kuphunzira. Ngakhale choncho pojambula Sherlock Jr. mu 1924 madzi a m'thanki ya sitima anamumenyetsa pa njanji mpaka fupa la khosi kuthyoka, iye n'kupitiliza ntchito, zinadzadziwika patapita zaka adokotala atamuunika pa X-ray.

NaPhiri_BT: Komatu mjomba musatipusitse ngati zonse zinali choncho kkkk. Harold Lloyd uja wolendewera pa wotchi mu Safety Last! ya 1923, khoma ndi wotchiyo anazimanga padenga la nyumba ina yosanja ku Los Angeles, pansi pake panali poterapo, kamera anangoitchera bwino kuti msewu uzionekera kutali pansi. Chomwe ine ndimamugonjera n'choti dzanja lake lamanja linalibe chala chachikulu ndi chamkombaphala, bomba lomwe ankaliyesa lachidole linamuphulikira mu 1919, ankavala golovesi yobisa. Tangoganizani kulendewera ndi dzanja lotero.

Mjomba_wa_Mafilimu: Apo mwalasa achemwali. Chinanso kamera ankapukusa ndi dzanja, akapukusa pang'onopang'ono ndiye poonetsa anthu amathamanga mofulumira kuposa mmene zinalili, n'chifukwa chake apolisi akamathamangitsa munthu zimaoneka zoseketsa chonchija. Mafilimu atayamba kukhala ndi mawu liwiro linakhazikika pa zithunzi 24 pa sekondi, chinyengo chimenecho chinavuta.

Chatsalira: Ine anzanga ndi Laurel ndi Hardy basi, mawu sanawasokoneze chifukwa nthabwala zawo zinali zapang'onopang'ono kale. The Music Box ya 1932, anthu awiri kukweza piyano pa masitepe ataliatali, ikangowapulumuka imatsetsereka mpaka pansi ikulira ngwe ngwe ngwe m'bokosimo, phokoso lomwelo ndiye nthabwala yake. Kenako Hardy amangokuyang'ana iwe woonera, osayankhula, ngati akuti mwamuona mnzangayu? Filimuyo inawina ndi mphoto ya mafilimu ya Oscar yomwe.

Kadzidzi88: Ya piyanoyo ndi yaitali bwanji? Bandulo yanga yatsala pang'ono

Chatsalira: Pafupifupi theka la ola. Dikirani ya usiku aise