Kodi mtengo wosendeka khungwa ungapulumuke?

Wa ku Randburg, ku Joni: Akuluakulu, ndimasamalira dimba la abwana, ndipo dzulo chingwe cha makina otchetchera udzu chinasenda khungwa la kamtengo ka pichesi cha m'munsi mwenimweni, pafupifupi theka la thunthu. Kodi kangachire?

Wa ku Soweto: Achimwene, ngati khungwa latsala mbali imodzi, kamtengoko kakhoza kuchira, chifukwa chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwalo. Likasendeka mozungulira monse, masamba amakhalabe obiriwira kwa kanthawi n'kukupusitsani, koma mizu imafa ndi njala.

Wa ku Rosettenville: Musapakepo penti pabalapo. Udzu wa patsinde muzizula ndi manja, muzithirira mpaka mvula ya Okutobala itayamba, ndipo abwanawo muwauze lero lomwe asanadzionere okha.