Amalonda anzanga, mumalandira bwanji ndalama za pa foni?

Ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wina ku Lilongwe, ndipo katundu ndimakapikula ku Lizulu. Kunena zoona foni yandipeputsira ntchito. Ndisanakwere minibasi ndimayamba ndaimbira alimi kuti ndimve mtengo wa dengu tsiku limenelo, ndipo mpamba wanga ndimayenda nawo pa Airtel Money m'malo moumanga pansonga ya chitenje.

Pomwe pandivuta ndi apa. Makasitomala ambiri tsopano akufuna kulipira pa foni, ngakhale wogula mulu umodzi wokha. Alimi ena amakana, amafuna ndalama pamanja, ndiye ndimayenera kukatapa kwa ejenti. Ya chotapira ija muziiwonjezera pa mtengo, kapena mumangoisenza nokha? Phindu la tomato ndi lochepa kale, ena amaphwanyikira m'njira.

Komanso amene muli ndi nambala yapadera ya bizinesi, munalembetsa bwanji, ndipo pamafunika chiyani kupatula chitupa cha unzika? Ine ndalama za geni zikusakanikirana ndi za pakhomo, pofika madzulo sindidziwa kuti ndapindula zingati.

Nanga wokusonyezani uthenga wabodza woti watumiza, mumamugwira bwanji pamene anthu adzadza pa benchi? Chonde ndithandizeni nzeru.